Chubu cha Buluu

TV ya mwini holo inafika ku shopu Lolemba pa 3 Malichi, itanyamulidwa ndi amuna anayi. Inali ya mtundu wakale uja, yaitali kufika pachifuwa, imene mkati mwake muli machubu atatu: chofiira, chobiriwira ndi cha buluu. Chilichonse chimaponya kuwala kwake pa kalilole wakumbuyo, ndipo kuwalako kukakumana pa sikirini ndiye chithunzi. M'dera lonselo munatsala ma TV atatu otere, onse a mwini holo, amene ankaonetserapo anthu mpira. Wodziwa kuwakonza anatsalanso mmodzi, a Waya. Ntchitoyi anali ataigwira zaka 31.

"Wosewera aliyense akumaoneka atatu," anatero mwini holo. "Anthu akuti timu yathu ikulowa ndi anthu 33 koma ikugonjabe."

Vutolo silinawachedwetse a Waya. Tizipangizo tiwiri timene timalumikiza mitundu itatuyo tinali titapsa. Lachiwiri anatichotsa, n'kuwotchererapo tina timene anazula mu TV yakufa imene ankasunga pakona. Mizere itatu inakumana n'kukhala umodzi. Ntchito imene anapatsidwa inathera pomwepo.

Koma chithunzicho sichinawasangalatse. Chinali chachikasu, cha mbuu, ngati akuchionera kuseri kwa utsi. Mwini holo sanadandaule zimenezo, koma a Waya sankabweza chinthu chili ndi matenda amene awaona. Lachitatu anapukuta kalilole ndi magalasi onse atatu. Chikasu chinalipobe. Lachinayi anatsegula chubu cha buluu, n'kukoka ndi jakisoni madzi oziziritsa amene amakhala pakati pa chubu ndi galasi, poti madziwo akakhalitsa amada. Anawathira m'botolo n'kulikweza pawindo. Anali achikasu ndithu. Anathiramo atsopano ochokera m'chigubu chakuda, koma chithunzi sichinasinthe. Apo anagamula kuti chubucho chafooka, pakuti cha buluu ndi chimene chimayamba kutopa, ndipo anachiwonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka choyera chinaoneka choyera. Lachisanu amuna aja anadzaitenga.

Lolemba pa 10 inabweranso, mwini wake ali pambuyo.

"A Waya, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Mizere yabalalikanso?"

"Mizere ili bwinobwino. Koma mpira wa Loweruka unaseweredwa pansi pa madzi. Udzu buluu, mpira buluu, woyimbira naye buluu. Wina anandifunsa ngati osewerawo ndawatulutsa mufiriji."

A Waya anaiyatsa. Pa sikirini panabwera bambo wowerenga nkhani, atavala malaya oyera, oyera bwino.

"Nanga vuto lili pati apa?"

Mwini holo anasuzumira panja n'kuitana mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana.

"Atelala, tatiweruzani. Malaya a bambo awa ndi amtundu wanji?"

"Abuluu," anatero atelala, tepi ili m'khosi. "Nkhope nayonso. Akudwala kapena?"

"Mwamvatu, a Waya. Kapena nafenso tikufunika kutitsegula kumbuyo?"

A Waya sanaseke. "Isiyeni. Mudzaitenge Lachitatu."

Masana akazi awo anabwera ndi chakudya monga mwa masiku onse. Anawapeza akuyang'ana botolo lija lili patebulo.

"Mayi, madzi awa akuoneka bwanji?"

"Ngati madzi."

"Ndikunena mtundu wake."

"Alibe mtundu, bambo. Ndikanapanda kuidziwa shopu ino ndikanamwa."

A Waya anaphimba diso lakumanja ndi chikhatho n'kuyang'ana windo. Linali lachikasu. Anaphimba lakumanzere. Chikasucho chinada, ndipo zitsulo za windo zinasungunuka, osawerengeka. Anabwereza katatu, monga ankachitira poyesa chinthu asanachitchule kuti chafa.

"Kuyambira Ogasiti mwakhala mukundinena kuti sindikuchapa bwino malaya anu," anatero akazi awo. "Sopo ndasintha katatu. Mababu a muno mwasintha kawiri."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndinanena mu Disembala. Munati maso anu ndi amene amatidyetsa, ndisamawatchule pachabe."

Lachiwiri pa 11 shopu sinatsegulidwe. Dokotala wa maso anawaunika mphindi makumi awiri, nawauza zinthu ziwiri. Choyamba, maso onse ali ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotseka. Tsiku loyamba limene linalipo la opaleshoni linali 18 Novembala. Chachiwiri, matenda a shuga amene akhala nawo zaka zisanu ndi zinayi awononga kumbuyo kwa diso lakumanja, ndipo ayambapo lakumanzere. Zimenezo sizibwerera.

"Ndiye kuti galasi musintha, koma chubu palibe," anatero a Waya.

Dokotalayo sanamve chimene akutanthauza, ndipo iwo sanafotokoze.

Lachitatu m'mawa a Waya anakhazika akazi awo pampando, kutsogolo kwa TV. Iwo anagwada pansi pa sikirini, pamene pali topotokola, sikuludiraiva ili m'manja.

"Muziyang'ana malaya a bambo wowerenga nkhaniyo. Akayera munene."

"Bwezani. Bwezaninso. Basi. Ayi, tsopano wafiira ngati wapsa mtima."

"Ine ndagwira buluu yekha."

"Ine ndikunena zimene ndikuona, bambo. Sukulu yake sindinapite."

Zinawatengera maola awiri. Atelala ataitanidwa kudzatsimikiza anati, "Eya, tsopano ndi munthu." A Waya anadzuka, mawondo akuwawa, n'kuyang'ana. Chithunzi chinali chachikasu, cha mbuu, chimodzimodzi mmene chinalili Lachiwiri pa 4, asanapukute kanthu. TV ija inali itachira tsiku lomwelo. Zonse zimene anachita pambuyo pake anali kukonza chinthu chabwinobwino.

Mwini holo anafika 2 koloko. Anayang'ana sikirini, anayang'ana mayi amene anali adakali pampando uja, kenako a Waya.

"Yakhala bwino. Tithokoze ndani?"

"Shopu," anatero a Waya.

Amuna aja atayamba kunyamula, a Waya anamutsatira mwini holo mpaka pakhomo.

"Paja mwezi watha munati yachiwiri ija ikumazima yokha. Vuto limenelo silifuna mitundu. Ndi mita yoyezera magetsi basi, ndi khutu. Mubwere nayo."

"Tiona, madala."

Zaka zonsezi anali asanawatchulepo choncho.

Lachinayi sikunabwere munthu, kupatula mayi wina wofunsa ngati amakonza mafoni. Lachisanu pa 14 a Waya anatsegula 7 koloko. Anasesa pamalo pamene TV yachiwiri ikanaima, nayala zida patebulo: mita, mtovu, chowotcherera, masikuludiraiva motsatana kukula kwake. Cha m'ma 11 lole inadutsa mumsewu osachepetsa liwiro. Patapita kanthawi atelala anasuzumira pakhomo.

"Lole yadutsa ija ndi ya mwini holo. Yanyamula katoni yaitali, yopyapyala, ya ma TV apakhoma aja."

"Imodzi?"

"Ziwiri."

A Waya anagwedeza mutu. Atelala anabwerera, ndipo makina awo anayambanso kulira kuseri kwa khoma. Zida zinakhala momwemo patebulo mpaka 5 koloko, nthawi yotsekera.