Puloti ya pa Chitunda

Pokuaa ndi mng'ono wake Dufie ankagulitsa nsalu mumsika wa ku Kumasi, mabenchi moyandikana, koma makasitomala ankangomudutsa Pokuaa ngati palibe munthu n'kukaima pa Dufie. Mwana amene iye anamubereka kumsana, kumupukuta mamina, lero ndiye wamwayi! Zinkamuwawa Pokuaa, ndipo sankabisa.

Tsiku lina masana akudya fufu, nsima ya chinangwa, kuseri kwa benchi, Dufie anaulula.

"Achemwali, ndapeza puloti ku Ejisu, pa chitunda. Mukaima pamenepo msewu wonse wa ku Accra mumauona."

"Wagula?"

"Ayi, nkhaniyo ili ndi mayi Frimpomaa, loya wa zamalo. Akuti ndisapereke kanthu mpaka afufuze kuti mwini wake weniweni ndani."

"Loya! Kugula dothi lomweli mpaka loya? Iwe zakuchulukira eti?"

Pokuaa anaseka, koma fufu uja anamukankhira pambali. Dufie akhale pamwamba, iye mkulu wake azimuyang'anira m'mwamba ali m'chipinda cha lendi? Kutacha anakwera minibasi ya ku Ejisu.

Wogulitsa puloti ankaifuna Dufie ija anali Amoateng, mwamuna wa mawu okoma ndi nsapato zowala. Anati malowo anali a malemu bambo ake. Tsono Pokuaa si mlendo. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwa Aasante, mtundu wawo, malo a makolo sapita kwa mwana wa mwamuna, amatsalira mbumba ya kuchikazi. Funso linali limodzi lokha: bambowo anagula okha, kapena ankangosungira banja? Sanafunse, poopa kuti yankho limuchedwetsa. Anabwera ndi ndalama zake ndi mabotolo awiri a mowa, anathira pansi kuitana makolo, Amoateng n'kulemba kapepala n'kudindapo. Sabata isanathe anthu anali akukumba maziko.

Dufie atamva anasiya benchi lake n'kubwera manja ali m'chiuno.

"Achemwali, mwachita chiyani? Loya wapeza kuti malowo ndi a banja. Popanda kusaina mkulu wa banja ndi akuluakulu anzake, kapepala kanuko n'kokulungira mtedza."

"Zakuwawa eti? Ndakudyera! Pita ukalire kwa loya wakoyo."

"Ine ndikukuuzani ngati m'bale wanga."

"M'bale wanga ndi simenti. Choka, ukunditsekera makasitomala."

Kunena zoona, miyezi iwiri yotsatirayo Pokuaa ananenepa. Anagulitsa ndolo zagolide zimene amayi awo anamusiyira, n'kumanga maziko a zipinda zisanu, chifukwa anamvapo Dufie akulota za zipinda zitatu. Lamlungu lililonse akatuluka kutchalitchi ankakaima pa chitundapo, kujambulitsa zithunzi n'kumutumizira mng'ono wakeyo popanda mawu.

Loweruka lina m'mawa anapeza galimoto ziwiri zitaima pa pulotipo. Panali bambo wachikulire atafunda nsalu paphewa, wina akuyeza malire, ndi mayi wa magalasi atanyamula faelo. Dufie anaima pambali, maso pansi.

"Mayi, mukumanga pa malo a ndani?" anafunsa wachikulireyo. "Ine ndine Bediako, mkulu wa banjali, mng'ono wa malemu bambo ake a Amoateng. Ndinali kutali, ku minda ya koko. Malowa ndi a mlongo wanga ndi ana ake."

Pokuaa anatulutsa kapepala kake m'chikwama. Mayi wa magalasi uja, amene anali Frimpomaa, anakawerenga mpaka pansi n'kukabweza mwaulemu.

"Pepani mayi. Amene anasaina apa alibe mphamvu yogulitsa ngakhale mwala umodzi. Ife tadikira miyezi itatu kuti banja likhale pansi. Onse asaina, ndipo ku ofesi ya zamalo talembetsa kale."

"M'dzina la ndani?" anafunsa Pokuaa.

Frimpomaa analoza Dufie. Pokuaa anaimba foni ya Amoateng katatu, yozimitsa. Anakhala pa khoma la maziko ake omwe.

Dufie anabwera n'kugwada pafupi naye. Bola akanaseka, akanatukwanidwa zikanatha. Koma m'maso mwake munali misozi yeniyeni, ndipo chifundo chimenecho n'chimene chinamupyoza Pokuaa.

"Achemwali, musalire. Maziko anuwa sindigumula, ndimanga pomwepa. Chipinda chakumbuyo chija, choyandikana ndi khitchini, chidzakhala chanu."