Mpeni wa Mlaza wa a Sebastiano

"Usawalande mpeni abambo akowa," anatero a Maness. "Munthu wamkulu ali ngati bwato, Lilian. Ukaliika pamtunda limang'aluka."

Lilian anangoseka. Amayi akewo anali amantha chibadwire: kumtsinje ng'ona, pamsewu njinga zamoto, mtambo ukangoda pang'ono ankati madzi akubwera. Chenjezo ili analiponya pamulu wa anzake.

Iye anali atapeza ntchito mu ofesi ya kumunda wa nzimbe. Zinkamuchititsa manyazi kuti a Sebastiano, bambo ake, azilawirira kukadula mlaza kutali, n'kumaswera akuluka mikeka ngati alibe mwana. Anawagulira mpando wa pulasitiki ndi wailesi, mpeni n'kuutsomeka kudenga.

"Pumulani, baba. Mwavutika kokwana."

A Sebastiano sanali munthu wotsutsa mwana. Anakhala.

A Maness ndiwo ankaona. Zala za amuna awo zija zinkawerengera zokha poluka, ziwiri pansi, ziwiri pamwamba, tsopano zinkangogona pamaondo. Kale mdalayo ankabwera kutchire ndi nkhani, uje wakwatira, mvuu zatha mpunga wa uje. Tsopano nkhani zinali za wailesi basi, nazonso osazigwira. Miyendo inalemera. Zaka ziwiri zisanathe anayamba kufunsa ngati adya, mbale ili m'manja.

Loweruka lina Lilian anafika n'kugwada kupereka moni. Mdalayo anamuyang'anitsitsa.

"Zikomo, mayi. Mwachokera kuti?"

Lilian anakalilira kuseri kwa nyumba. Mawu oti "ndinanena" anafika pakhosi pa a Maness, koma anawameza. Kuchipatala adokotala anati mdalayo aziyenda, azigwira ntchito zamanja, azicheza ndi anthu, ngakhale zimene zatayika sizibwerera zonse.

"Zomwezi n'zofunika sukulu?" anang'ung'udza a Maness potuluka. Atafika kunyumba anakwera okha pamtondo kukatsitsa mpeni.

Ndiye inu amene mumakonda makolo powakhazika pansi, pitani kumudzi kwawo kwa Malemia Loweruka m'mawa mukaone. A Sebastiano patsogolo, pang'onopang'ono. Lilian pambuyo, pobwerera mtolo wa mlaza pamutu. Ponyamuka, a Maness pakhomo akukuwa:

"Njoka kumeneko! Dzuwa lisawawombe! Mwananga, madzi watenga?"

Zala zinakumbukira ntchito, ndipo masiku ena mdalayo amaimba. Koma dzina la womusenzera mtolo silinabwerere. Amamukhazika pambali pake n'kumamuphunzitsa kuluka.

"Osati choncho, mayi. Iii, manja anu ngouma ngati a mwana wanga Lilian! Komatu ameneyo musamuseke. Ndi wa mu ofesi, ndipo amandikonda kwambiri. Anandigulira mpando."

"Eya, baba," amatero Lilian, n'kumasula mzere wonse, kuyambiranso.