Galimoto imene malemu ankaikaniza

Galimoto ya malemu Anock inasiya kulira itangobwerako kumanda. Ndi iyo inanyamula bokosi kupita ku Mitundu, mipando yakumbuyo atayipinda. Itabwerera ku Kawale, amayi a mumpingo anaitsuka monga amatsukira chilichonse chimene chanyamula maliro: mipando, makapeti, mpaka kunsi kwa chiwongolero, madzi a sopo akukhuthulidwa ndi ndowa. M'mawa mwake sitata inkazungulira, koma injini osagwira.

Ine ndinafika maliro atatha. Ku Glasgow, kumene ndinkakonza makina a m'zipatala, ndinakhalako zaka zokwanira kuti mwana abadwe mpaka kukwatiwa. Kawale amene ndinkamusunga m'mutu ndinapeza kulibe. Pabwalo pamene tinkamenyera mpira wachikulunga panali mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, ndipo nyumba ya mlongo wanga Maness anandilozera ndi wakabaza, m'dera limene ndinabadwira.

"A Masiye agamula kale," Maness anandiuza. A Masiye anali atsibweni ake a Anock, mwamuna wa Maness. "Akuti galimotoyi mwini wake akuikaniza. Loweruka akubwera ndi anthu oti aiphwasule, zitsulo agawane pachibale."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Achimwene, Anock anandiphunzitsa yekha kuyendetsa. Ana amene ankawanyamula kupita nawo kusukulu, makolo awo akundifunsabe. Akaiphwasula, ine ndikagwira chiyani?"

Makaniko wa Anock anali Yasir wa ku Biwi, bambo wa ndevu zaimvi amene ankalankhula ndi galimoto ngati ikumva. Iye anali atapeza kale chovuta. Kunsi kwa dashibodi kumakhala kabokosi kachitsulo kamene amangokatcha kompyuta. Ndiko kamalamula mafuta ndi moto mu injini. Kanali katamwa madzi a sopo. Yasir anabweretsa kena kuchokera m'galimoto yofanana nayo imene inachita ngozi, n'kukalumikiza. Injini osagwirabe.

"Kompyuta iyi ndi yamoyo, bigi," anatero. "Koma imadziwa kiyi wa galimoto yake. Wa Anock ikumuona ngati wakuba. Timagula bokosi ndi kiyi wake limodzi, koma kiyi wa iyi anatayikira pangozipo."

"Kiyiyo imamusunga pati?"

"Ndi inu a kwa azungu. Ine ndimafika pa waya. Zam'katizo ndi za Ajapani."

Galimoto sindinkazidziwa, koma mtima unayamba kundiyabwa. Tinatsegula mabokosi onse awiri pakhonde. La Anock linali litabiriwira m'kati ngati mkate woiwalika. Pakona panali katchipu ka miyendo isanu ndi itatu, kochepa ngati nsikidzi. Totere ndinkatidziwa: ndimo makina amasunga zimene sayenera kuiwala magetsi akazima.

"Bwanji tingokazula n'kukaika m'bokosi linalo?" Yasir anafunsa.

Atayang'anitsitsa anadziyankha yekha. Dzimbiri linali litadya mwendo umodzi mpaka patsinde. Kakanangomva moto wa chitsulo chowotcherera, kakanathera pomwepo.

M'chikwama changa munali kachipangizo kowerengera matchipu otere, kokhala ndi kopanira ngati ka zovala. Ndinakapana, n'kulumikiza ku laputopu. Panatuluka mizere ya manambala ndi zilembo. Nditawerenganso kachiwiri, panatuluka zosiyana.

"Kakunama," anatero Yasir. "Mboni yosintha mawu."

"Ndi mwendo wodyekawo. Sukukhudza bwino."

Maness analowa m'nyumba n'kubwera ndi singano. Yasir anaikanikiza patsinde la mwendowo, dzanja lake osanjenjemera, mpweya ataugwira. Ndinawerenga, ndinabwereza, ndinabwerezanso: zofanana. Ndinazisunga pa laputopu, pafoni yanga ndi pa ya Maness. Kenako ndinawerenga katchipu ka m'bokosi lamoyo lija, n'kusunganso zake ndisanakhudze kanthu, kuti ndikalakwitsa tikhale ndi pobwerera.

Ndinaika masamba awiriwo mbali ndi mbali. Buku lomasulira panalibe. Ndakhalapo ndikuyang'ana mabuku a zilankhulo zimene sindimva, ndipo njira yake ndi yomweyo: usafunse kaye tanthauzo, yang'ana chimene chikubwerezedwa ndi chimene chikusiyana. Mizere yambiri inali yofanana m'mabokosi onse awiri. Imeneyo ndinaisiya, poganiza kuti ndi za mtundu wa galimoto. Ina inkasiyana mwachisawawa. Koma chapamwamba panali timagulu ta manambala, kalikonse kolembedwa katatu ndendende, ndipo ta Anock sitinkafanana ndi ta galimoto yangoziyo.

"Yasir, chinthu umachilemba katatu chifukwa chiyani?"

"Ukuopa kuchitaya."

"Ndiye galimoto ingaope kutaya chiyani kuposa kiyi?"

Maness anawerama kuyang'ana pagalasi. "Nanga timagulu take bwanji tili tiwiri?"

"Ikudziwa makiyi awiri."

"Awiri? Ine ndimadziwa mmodzi." Anaongoka, manja m'chiuno. "Winayo ali ndi ndani?"

Yasir anaseka mpaka singano inagwa. "Mayi, musamuweruze munthu ali m'manda. Galimotozi zimabwera ndi kiyi mmodzi. Winayo ali m'dirowa ya nkhalamba ina ku Japani."

Chitsimikizo ndinalibe. Mwina timaguluto tinali makiyi, mwina chinthu china chimene ndikachisokoneza bokosi lamoyolo likanafa nalonso. Ndinagona nazo masiku, ndikufananiza, ndikuwerenga zimene amisiri a maiko ena analemba pa intaneti, theka lake kunyozana. Loweruka m'mawa ndinakopera timagulu ta Anock m'bokosi lamoyo, china chilichonse osakhudza. Yasir akumangirira bokosilo m'malo mwake, a Masiye analowa pageti ndi amuna awiri onyamula masipanala.

"Mwadzuka bwanji, alamu a kunja?" anandipatsa moni. "Tamva kuti mukulimbana ndi malemu pa kompyuta."

"Tikungofunsa galimoto, bambo. Ikakana lero, muiphwasule."

Maness anandiyang'ana moipa, chifukwa zimenezo sitinapangane. Anakhala pampando wa dalaivala, anausunthira kutsogolo, n'kulowetsa kiyi. Pa dashibodi kanyali kofiira kamene kanakhala kakuphethira chitsukireni galimotoyo kanazima. Anapotokola. Injini inatsokomola, inanjenjemera, kenako inagwira, utsi wa buluu n'kufika m'miyendo ya amuna a masipanala.

Pomwepo wailesi ya m'galimoto inayaka, ndipo mawu a mkazi wa Chijapani, amene amalonjera aliyense woliza magalimoto amenewa, anayamba kulankhula mwaulemu zimene palibe anamvapo.

"Mkazi mnzanga wadzuka," anatero Maness, misozi ili m'maso. "Anock ankati ndi yekhayu samuyankha mwano."

A Masiye anavula chipewa. Anazungulira galimotoyo, anaika dzanja pa boneti, n'kumvetsera.

"Ndiye kuti mwini wake walola," anatero.

Sindinawatsutse. Maness anatulutsa mutu pawindo.

"Atsibweni, kwerani ndikakutuleni kudepoti. Achimwene, tsegulani geti lonse, mbali inayo imakakamira. Muikweze pang'ono."

Ndinaikweza, ndipo inatseguka.