Wakuba wa Moto wa Lole ya a Ngozo

Lole ya a Stanislaus Ngozo inayamba kudzuka yakufa chisanu cha Juni chitangolowa, ndipo inasankha nthawi yoipa. Mwana wawo Christabel anali pafupi kukwatiwa. Loweruka likubweralo kunali chilanga mulilo, tsiku limene azimayi a kuchikazi amanyamula miphika ya zakudya kukaitula kwawo kwa mwamuna. A Ngozo anali atalengeza kale pa bala ina kwawo ku Bwacha, m'tauni ya Kabwe, kuti miphika, ng'oma ndi azimayi omwe adzakwera lole yawo mpaka ku Nakoli, kwawo kwa mkwati.

Amene anamvetsetsa kuposa onse anali a Bwalya, amalume a mkwati. Iwo Mubemba, a Ngozo Mngoni wa makolo a ku Ntcheu, choncho chimbuya, ubale wa nthabwala wa mitundu iwiriyi, chinawapatsa ufulu wonyozana mpaka kumanda.

"Ija yotuta mchenga ija, mbuya?" anatero a Bwalya. "Tidzadya chakudyacho mwana woyamba atayamba sukulu."

"Iwe ganiza za anyani amene Abemba mumaphika aja. Idzafika ndi mphamvu zake, popanda dzanja la munthu kumbuyo."

Mawu amenewa ndi amene a Ngozo ankawakumbukira m'mawa uliwonse akapotoza kiyi, lole n'kungoti thi, ngati munthu wotsonya.

A Ngozo ankadziwerengera m'gulu la akatswiri a zamagetsi. Ali mnyamata anagwirako ntchito m'shopu ya magetsi a sitima. Ntchito yake inali yosesa, koma mbali imeneyi nkhani yawo inkaidumpha. Anavala ovololo, magalasi pamphuno, n'kuyamba ndi mabatire. Anawathira madzi, anapala zoyera za pamitu yake, anapita nawo ku Katondo kukawatchajitsa. Lole inalira bwino tsiku lonse. Kutacha, thi.

Mlandu unasamukira kwa alitaneta. Nayo inapezeka yosalakwa, ikudyetsa mabatire mokhulupirika. Kenaka anachita zimene iwo ankazitcha kutchera msampha: anamasula waya wa negetivu n'kulumikiza kababu pakati pa wayayo ndi batire. Kababu kakayaka zonse zili zozima, ndiye kuti penapake pali chobera moto, ndipo umazula mafyuzi imodziimodzi mpaka kazime. Anafotokoza zonsezi mokweza, ngakhale amene analipo anali akazi awo okha, a Eva, akusadzula chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, pakhonde.

Kababu sikanayake.

"Wakuba wake ndi wophunzira," anatero a Ngozo.

"Mwafunsako anthu a pakhomo pano, atate ake a Christabel?"

"Mayi, magetsi safunsidwa kwa anthu. Amafunsidwa kwa mawaya."

A Eva anawayang'ana pang'ono, n'kubwerera ku chibwabwa chawo. Zaka za ukwati zinawaphunzitsa kuti mwamuna wovala ovololo samva.

Lachitatu madzulo a Ngozo anagamula mlandu. Anamasuliratu wayayo, sipanala n'kuiponya m'thumba, n'kukagona nthawi yawo ya masiku onse, yolimbirana ndi nkhuku. Tulo tawo tinali totchuka; mbale itagwa, galu atauwa, iwo kulibe. Koma tsikulo chidwi chinawadzutsa kusanayere, kuti akaone chipambano chawo.

Pageti panali munthu. Anali atate awo, agogo January, atakhala pa chitini cha penti, atafunda bulangete mpaka kumutu, m'manja muli kandulo m'botolo lodula. Mphepo inali itawaumitsa zala.

"Atate, mukutani panja pano?"

"Lole yako yafa, Stani. Ndinakoka kabatani, nyale osayaka. Uziikonza."



Agogo January anabwera ku Kabwe ali mnyamata, tauniyo ikutchedwabe Broken Hill, ndipo moyo wawo wonse wa pamgodi anautsirizira m'chipinda cha nyale. Munthu aliyense wolowa pansi ankatenga nyale kwa iwo, potuluka n'kuibweza. Malo a nyale akakhala opanda kanthu, ndiye kuti mwini wake akadali pansi, ndipo wa m'chipindacho sankachoka. Mgodi unatsekedwa kalekale, maina a anzawo ambiri anawathawa m'mutu, koma lamulo ilo linatsala. Christabel ankagwira ntchito ya usiku kophika buledi, n'kumabwera kukadali mdima. Kale babu la pageti linkakwanira. Chiyambireni kuthima kwa magetsi kwa chaka chino, agogo ankadikira mkonono wa mwana wawo, n'kukayatsa nyale zing'onozing'ono za lole, zoloza kugeti. Mtsikana akalowa, ankazima nyalezo.

"Nanga bwanji osayatsa akatsala pang'ono kufika?" anafunsa a Ngozo.

"Iwe umadziwa nthawi imene munthu atuluke pansi?"

Posakhalitsa Christabel anatulukira, jumbo ya buledi kukhwapa.

"Amuna anga, lero mwandilandira ndi kandulo? Chikondi chatha?"

"Funsa atate akowa, mkazi wanga," anatero agogo, akudzuka movutikira. "Ndiwo amisiri."

M'nyumba a Ngozo anapeza a Eva akukoleza mbaula.

"Mumadziwa?"

"Msewu wonse umadziwa. Ana a a Philimon apa amawerengera homuweki pampanda, pakuwala komweko."

"Osandiuza?"

"Munati mufunsa mawaya."

Tsiku lomwelo a Ngozo anagula tochi ya sola pamsika. Agogo anaitembenuza uku ndi uku, anaiyeza kulemera m'dzanja, n'kuibweza mwaulemu. Anati n'chidole chabwino, achisungire ana a Christabel. Zobwereka mabatire zinalinso zovuta: lole imafuna awiri aakulu, ndipo munthu yekhayo wodziwika amene anali nawo anali a Bwalya. Koimika lole potsetsereka, kuti ilire popanda batire, kunalibe. Mulungu polenga Kabwe anaiwala zitunda.

Lachisanu Christabel sanapite kuntchito, koma anakagona kwa azakhali ake ku Katondo, kumene azimayi ankachezera kuphika. A Ngozo anayesa kufotokoza.

"Ali kwa alongo anga, atate. Ali m'nyumba, ndi anthu ambirimbiri."

"Walowa pageti ili?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye sanabwere."

Dzuwa likulowa, agogo anatulutsa chitini chawo cha penti ndi bulangete. Ankatsokomola kuyambira tsiku la kandulo lija. A Ngozo anaima pambali pa lole, mabatire odzadza bwino, waya womasula ukulendewera. Akausiya choncho, mawa lole ikalowa mu Nakoli ngati ya bwanamkubwa. Anaganiza za nkhope ya a Bwalya. Anayang'ana kugeti. Kenaka anawerama, anabweza wayayo pamutu pa batire, n'kumanga nati mpaka sipanala inakana.

"Kalowani m'nyumba, atate. Muzionera pawindo. Ndayatsa ndine."

"Wakonza?"

"Linali vuto laling'ono."

M'mawa azimayi anafika ndi minibasi, Christabel ali pakati pawo, miphika yokulungidwa m'zitenje ili pamitu. Agogo anazima nyale zimene zinali zitafiira ngati makala a dzulo. A Ngozo anatuluka atavala suti ndi tayi, anayang'anira kukweza katundu, anakwera, anakhazika agogo pambali pawo, anapotoza kiyi.

Ngakhale thi uja sanamveke.

"Amayi," anatero pawindo, ndi mawu a munthu wolengeza pulogalamu, "titsike pang'ono. Pali kachitidwe kake."

Anakankha. Azakhali, alangizi, oyimba ng'oma, onse atamanga zitenje m'chiuno. Wina anayambitsa nyimbo, ya pomwepo, yonena za lole ndi mwini wake, ndipo mawu ake sanali oyamikira. Anthu a mu Bwacha anatuluka m'mageti kudzaonera. Pokhota kulowa mumsewu waukulu panaima takisi, ndipo amene anatsikamo anali a Bwalya, otumidwa kudzaona chochedwetsa.

Anayang'ana kwa nthawi yaitali, mosangalala, ngati munthu amene wapatsidwa munda.

"Mbuya," anatero, "manja ndikuwaona ambiri kumbuyoku. Kapena ndi maso angawa?"

"Kankha kapena choka panjira."

A Bwalya anavula jekete, anaipatsa mayi wina, n'kuika phewa. "Giya yachiwiri, iwe wodya mbewa! Usachotse phazi ndisananene!"

"Ndikudziwa ntchito yanga!"

Lole inadzuma, inagwedezeka, inalavula utsi wakuda pa malaya oyera a a Bwalya, n'kulira. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Azimayi anakwera injini ikubangula, pakuti a Ngozo sakanayerekeza kuchotsa phazi pamoto. A Bwalya anadzipanikiza kutsogolo, akupuma ngati ng'ombe.

"Nkhani iyi ndidzaikamba pa ukwati, pa ubatizo, ndi pamaliro ako," anatero. "Koma tandiuza, chimapha mabatire ako n'chiyani?"

"Ndi zakuya. Mubemba sangazimve."

A Bwalya anakonzeka kuyankha, koma anamva cholemera paphewa. Agogo January anali atagona, kukamwa kuli pululu, mutu utatsamira pa malaya odetsedwa aja.

"Tsitsa mawu," anatero a Ngozo, maso ali pamsewu. "Achokera kuntchito."