Mafuta a ku Impso

Ng'ombe ya ukwati wa Mirriam inaphedwa m'mamawa, mphepo ya Julaye ikutsika m'mapiri a Ntchisi ngati yachita kutumidwa. Elube, mayi wa mkwatibwi, anakana zokakhala pampando. Bambo ake a Elube anali opha ng'ombe pa Kasakula, ndipo iye anakula akuwagwirira miyendo posenda. Nyama ankaidziwa ndi zala.

Anatenga mpeni nayamba kusankha. Mafuta ofewa a pachidale anawaponya mumphika. Oyera, olimba aja okuta impso anawakungunula onse nawaika m'beseni pambali.

Apo ndiye panafika Rebeka, mayi wa mkwati, wochokera ku Bowe. Mayiyu mawu ake sadziwa kunong'ona.

"Asewere, awowo akupita kuti? Ng'ombe tasonkherana tonse, koma mafuta abwino akulowera kwanu?"

Amayi onse osenda anyezi anaimitsa mipeni. Elube zinamuwawa kwambiri. Kutchedwa wakuba sikunali kanthu kwa iye yekha, koma Mirriam ankapita kukakhala pakati pa anthu amenewa, ndipo dzina lotere limatsatira mwana mpaka kuchitsime.

"Ng'ombe ndi imodzi, asewere, koma mafuta ake si amodzi," anatero mosakweza mawu. "A pachidalewa amakhalabe msuzi ngakhale ndiwo zitazizira. A ku impsowa amaundana. Ndi mphepo iyi, anthu adya kandulo."

"Kwathu mafuta ndi mafuta," anatero Rebeka. Ananyamula beseni lija nakakhuthulira mumphika wa alendo akuchimuna, uku akuyang'ana anzake ngati wagwira mbala.

Elube anangotenga mphika wina waukulu, nawazamo nyama ya m'nthiti ndi chidale chotsala, nausonkhezera moto kuseri kwa nkhokwe.

Mbale zinapakulidwa masana, koma ukwati wa kwathu kuno ndani anauona ukusunga nthawi? Ankhoswe analankhula. Abusa anati anene mawu awiri okha, ndipo tonse tikuwadziwa mawu awiri a abusa. Perekaniperekani anazungulira katatu. Mbale zili duu pamphepo.

Pomwe alendo a ku Bowe ankavundukula zawo, msuzi unali utayera pamwamba, wouma gwa. Amalume a mkwati analuma nthuli imodzi nayamba kukanda kumwamba kwa m'kamwa ndi lilime. Ena anakankhira mbale kutali mwaulemu. Mbali ya kuchikazi anthu ankangonyambita zala.

Rebeka anabwera kuseri kwa nkhokwe yekha, chitenje atachikokera kumapewa. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, mawu ake anatsika.

"Asewere, abale anga sakudya."

Elube akanatha kuseka, ndipo kunena zoona mtima unafuna. Anavundukula mphika uja. Nthunzi inatuluka, msuzi ukuwira pang'onopang'ono.

"Bweretsani mbale zawo, tisinthe msanga."

Rebeka anayang'ana kukula kwa mphikawo. "Monsemu munaphikira ndani?"

"Inu," anatero Elube, akumupatsa chipande. "Kapakuleni nokha, aziti mwaphika ndinu. Kuyambira mawa mwana wanga azidya kwanu."