Khosi Lopenya kwa Aneba

Bambo Eulogio Barraza anadzuka tsiku lina mutu utatembenukira kumanzere, ndipo unakaniratu kubwerera. Tsoka lake, kumanzere kwa nyumba yawo mu mzinda wa Barranquilla kunkakhala Mayi Casilda, mayi wamasiye wooneka bwino, amene ankakonda kuthirira maluwa madzulo. Bambo Eulogio akangokhala pakhonde kuti amwe khofi, maso ankangoti dwii komweko.

Akazi awo, Mayi Nereida, anapirira mpaka mtima unadzaza.

"Bambo a Yuleidis, maluwa a eni akewo mwamaliza kuwerenga?"

"Ndi khositu, mayi. Lauma."

"Kuuma khosi munabadwa nako. Nanga bwanji siliumira kumanja kuno, kuli galaja ya a Wilfrido?"

Mwana wawo Yuleidis naye anali ndi nkhawa yakeyake. Phwando lake lokwanitsa zaka khumi ndi zisanu linali pafupi, ndipo gule woyamba amayenera kuvina ndi bambo ake.

"Ababa, mukadzavina nane mukuyang'ana khoma, anzanga adzajambula. Ine ndidzasamuka mumzinda muno."

Anayesa mankhwala opaka, nyumba yonse n'kumanunkha, koma khosi silinamve. A Wilfrido, makanika uja, anabwera akupukuta manja.

"Achimwene, khalani apa ndilipotokole kamodzi kokha. Ine ndimamasula mabawuti a malole."

Bambo Eulogio anathawa chammbali ngati nkhanu.

Kuseka kunatha tsiku limene zala zawo zinachita dzanzi, mbale ya msuzi wa nsomba n'kuwapulumuka. Ntchito yawo, ku kampani yotumiza katundu padoko, inali yolemba pa kompyuta ndi kuyankha mafoni. Popanda zala, banja likanadya chiyani?

Koma Mayi Nereida anali adakali ndi mlandu wawo. Anamanga epuloni mwamphamvu n'kulunjika kwa aneba.

"Mayi Casilda, amuna anga akhala akukuyang'anani sabata yonse."

Mayi Casilda anaseka mpaka kugwira chipata.

"Aneba, bambowo sakundiona n'komwe, akuona ululu basi. Ine ndinali namwino wa anthu ovulala pantchito mpaka ndinapuma. Makosi oterewa ndawaona ambirimbiri. Tiyeni tikawaone."

Atalowa m'nyumba, Mayi Casilda anawauza Bambo Eulogio kuti akhale patebulo monga amakhalira ku ofesi. Bambowo anasankha kampando kakafupi, chibwano chinatsala pang'ono kugunda tebulo. Anaika thireyi pakona ya kumanzere.

"Iyi ndiyo sikirini ya kompyuta. Ndinaisunthira uku chifukwa dzuwa la pawindo limandithobwa."

"Nanga foni ikalira?"

Anatola nthochi, n'kuipanikiza pakati pa khutu ndi phewa, manja akulembabe patebulo.

"Mumadzuka kangati?"

"Pokadya basi."

"Mayo ine! Ndiye mukudabwa chiyani? Ngakhale chitsulo cha a Wilfrido mutachipinda chonchi tsiku ndi tsiku, chingagonje."

Mayi Casilda anakoka thireyi ija n'kuiika patsogolo penipeni. Anati sikirini izikhala moyang'anizana ndi nkhope, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso, patali ngati kutalika kwa mkono. Mpando ukwere mpaka zigongono zilingane ndi tebulo, msana utsamire, mapazi aponde pansi kapena pa kabokosi. Foni igwiridwe ndi dzanja, kapena apemphe zomvera za kumutu.

"Ndipo ola lisamathe muli chikhalire. Dzukani, dziwongoleni, kamweni madzi. Za dzanzizo musachedwe nazo, mawa kaonaneni ndi dokotala. Mukachoka kumeneko, kawauzeni abwana anu."

"Abwana? Adzati ndayamba ulesi."

"Kuteteza antchito ndi udindo wawo. Mukagonekedwa m'chipatala, mafoni awowo adzayankha ndi ndani?"

Mayi Nereida, manyazi atawagwira, anawapatsa anebawo mpando ndi khofi, n'kuwonjezera shuga kawiri.

Dokotala anati mtsempha wapanikizika, koma abwera nthawi yabwino. Anawapatsa mankhwala ndi kuwaphunzitsa kawongoledwe ka khosi pang'onopang'ono.

Ku ofesi, Bambo Eulogio anagogoda kwa abwana. Anayamba kufotokoza ataima chammbali kuti awaone kumaso. Abwanawo anamvetsera, kenako anasuzumira kukhomo, n'kutulutsa pilo amene ankakhalira mobisa.

"A Barraza, ine msanawu sindigona nawo. Ndimaganiza kuti ndi ukalamba."

Nkhani itamveka, aliyense anaulula. Mayi Dalgis owerengera katundu anaonetsa bandeji imene ankaibisa m'malaya pamkono. Wina anati mutu umamuwawa madzulo alionse. Abwana anagula makatani, zomvera za kumutu ndi mipando yokweza ndi kutsitsa. Podikira zimenezi, masikirini anawakweza pa mitokoma ya mapepala.

Tsiku loyamba limene Bambo Eulogio anaimirira n'kuyamba kuzunguza mapewa, anzawo anafa nazo.

"Magule a mumsewu a Kanivolo ayamba kale kodi?"

Posakhalitsa onse ankadzuka nawo, abwana ali patsogolo.

Khosi linamasuka pang'onopang'ono, dzanzi n'kutha. Pa phwando, Bambo Eulogio anavina ndi Yuleidis akumuyang'ana m'maso, mtsikanayo misozi ili mbwembwembwe. Nyimbo za cumbia zitayamba, bambowo anakana kukhala pansi.

Kutacha anatsimphina mpaka pampanda.

"Mayi Casilda, tsopano ndi mawondo. Kodi ndikweze mpando kapena nditsitse?"

"Amenewo si a ku ofesi, bambo. Mumavina ngati ndinu amene mwakwanitsa zaka khumi ndi zisanu."

Si makina ndi makwerero okha amene amavulaza munthu pantchito. Mpando wolakwika, sikirini yokhala pambali ndi kukhala malo amodzi tsiku lonse zimavulaza mwakachetechete. Konzani malo anu antchito kuti agwirizane ndi thupi lanu, muzidzuka pafupipafupi, ndipo ululu ukayamba musaubise: uzani abwana anu ndi kupita kuchipatala msanga.