Tayala pa Tayala

Silvino anafika pa loja, sitolo ya a Mamudo ku Moatize, atavala malaya ake a kutchalitchi, n'kupeza amuna ena atamutsogolera kale. Anali atandandalika pakhonde, mawondo m'mwamba, aliyense akuyang'ana kamyawu yobiriwira imene inaima panja ngati mkazi woti amufunsire. Mbiri inali itawanda kuti woyendetsa lole imeneyi wathawira ku Joni, ndipo mwini loja akufuna wina. Masiku amenewo ntchito inkanunkhira patali kuposa nyama yootcha.

Nkhondo inali itatha, inde, koma mtendere unabwera chimanjamanja. Njanji inali yodukaduka, sitima siinkayenda, choncho malasha analibe potulukira ndipo mgodi unkangosinza. Asilikali otula mfuti anadzaza m'tauni. Othawa nkhondo nawonso ankatsika kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu, ndipo aliyense ukamufunsa ankalumbira kuti galimoto amaidziwa. Silvino anayenda mpaka nsapato kutha zidendene. Ku Tete ankamuuza kuti abwere mawa, mawa lakelo n'kumuuza kuti abwana achoka. Pakhomo ankadalira dengu la mkazi wake Aurora, amene ankatola zinyenyeswa za malasha pa mulu wakale wa ku mgodi wa Chipanga n'kumagulitsa kwa ootcha njerwa. Fumbi lija linali litamulowa, ndipo chifuwa chake chinkalira ngati chitseko chakale.

"Bambo a Luzia," anatero Aurora m'mawa umenewo akumupatsa madzi osukusula, "iyi yokha musaitaye. Ine mphamvu zanga zatha."

Mawu amenewa anamulondola Silvino mpaka pakhonde la loja.

A Mamudo, patarawu kapena kuti bwana wa lojayo, anatuluka. Anali munthu wochepa thupi, wa kofia yoyera, wa maso aja oyeza munthu asanatsegule pakamwa. Anafunsa mmodzimmodzi kumene anayendetsako. Wina anati thirakitala, wina anati galimoto ya asilikali, wina anangoseka mwamanyazi.

"Nanga inu?" anatero akuyang'ana Silvino.

"M'koluna, patarawu. Tete mpaka Zóbuè, nkhondo ili mkati."

Amuna onse aja anacheuka. Panalibe wosadziwa koluna, mdipiti wa magalimoto umene unkadutsa msewu umenewo moperekezedwa ndi asilikali, ena n'kufika, ena n'kutsala m'njira akufuka utsi.

"Ndiye msewu mumaudziwa," anatero a Mamudo.

"Dzenje lililonse ndimalidziwa ndi dzina lomwe."

"Kwerani. Tikupita ku Zóbuè kukatenga mbatata ndi nyemba. Tikabwerako bwino, kiyi ndi wanu. Zikakanika, anzanuwa sakuchoka pano."

Silvino sananame, koma panali zimene anameza. Chithereni koluna anali asanagwireko chiwongolero. Ndipo m'koluna munali lamulo limene linamulowa mpaka m'mafupa: tayala pa tayala. Pamene waponda wa kutsogolo, iwenso ponda pomwepo. Phula osalisiya, ngakhale injini ipse, ngakhale mkodzo ukugwire, chifukwa m'dothi la m'mphepete ndi mmene ankakwiriramo mabomba. Mnzake Zacarias analiiwala lamuloli kamodzi kokha. Galimoto yake itatentha, anapatukira pambali pang'ono kuti anzake adutse, munthu waulemu ameneyu. Silvino anali pambuyo pake penipeni. Zimene zinagwera pagalasi lake tsiku limenelo sanauzepo munthu, ngakhale Aurora.

Anatuluka mu Moatize dzuwa likuyamba kuluma. Manja anakumbukira okha magiya, ndipo a Mamudo anagwedeza mutu mokhutira. Koma nyumba zitatha, milambe itayamba, Silvino anaona chinthu chimene anali asanachionepo ali pampando umenewu: msewu wopanda galimoto kutsogolo. Unali yalaa mpaka kumapiri, wopanda fumbi la mnzake, wopanda nyali zofiira zoti azilondola. Iye ndiye anali woyamba. 

Anaikhazika kamyawu pakati penipeni n'kuponda mafuta. M'mbali munkaoneka mafupa a magalimoto opsa, udzu utamera m'mawindo. Ena ankawazindikira, ndipo anayesetsa kusawayang'ana. Atakumana ndi lole ya matabwa yochokera ku Malawi, anasuntha pang'ono chabe, moti magalasi a m'mbali anatsala pang'ono kupsompsonana. Woyendetsa winayo anatulutsa mutu n'kutukwana mtundu wonse wa Silvino.

"A Silvino," anatero a Mamudo atagwira kofia, "msewuwu anakusiyirani ndi bambo anu?"

"Pepani, patarawu. M'mphepetemu phula ndi lodyeka."

"Ine mkazi wanga Chamima akundidikira wamoyo."

Anaseka okha. Silvino anayesa kuseka nawo, koma chinatuluka ndi kachifuwa.

Msewu unayamba kukwera. Kutentha kwa kuchigwa kunatsalira m'mbuyo, mphepo ya kumapiri inalowa pawindo, koma malaya a kutchalitchi aja anali atamatirira kumsana ndi thukuta. Atayandikira Zóbuè, a Mamudo analoza kumanzere. Pansi pa mitengo ya mango, kataliko ndi msewu, panali bwalo la dothi lofiira, ndipo amayi anali atakhala pa matumba awo akukupiza manja.

"Ndi pamenepo. Patukani."

Silvino anamva. Anafunadi kupatuka. Koma manja anakana, phazi linakanirira pa mafuta, ndipo kamyawu inadutsa bwalo lija ili liwiro.

"Ndati patukani! Mwagontha?"

Anaponda mabuleki. Kamyawu inaima pakati pa msewu, matayala onse ali paphula, injini ikulirabe. Basi imene inkabwera m'mbuyo inaliza hutala, n'kulambalala.

"Bwererani m'mbuyo mulowe pabwalo paja."

"Patarawu, matumbawo ndisenza ndekha. Onse. Galimoto ikhale pompano."

A Mamudo anamuyang'ana nthawi yaitali. Silvino anadziwa kuti ayezedwa tsopano, ndipo sikelo ikupendekera kolakwika. Manyazi anamugwira kuposa mantha, koma mantha sanachoke. Anabweza kamyawu pang'onopang'ono mpaka kuyang'anizana ndi bwalo, n'kuimanso paphula.

"Bwalo ili galimoto yangayi yalowapo kambirimbiri," anatero a Mamudo.

"Nanga matayala ake ali kuti?"

Panalibedi mkwasa wa tayala ngakhale umodzi. Amayi aja, pofuna kulandira bwino wogula wawo, ankasesa bwalolo m'mawa uliwonse. Dothi linali see, mizere ya tsache yokha ikuoneka. Silvino akaliyang'ana ankangoona dothi loti munthu walisalaza dala atakwirira chinthu.

"Tamverani," anatero a Mamudo, mawu atatsika. "Ine sindikunyozani. Nkhondoyi tonse inatipsereza. Koma malonda anga ali kumene phula lathera. Motolisita wosatsika paphula ndingamutani? Ndikupatsani ya basi mubwerere ku Moatize, ine ndipeza wina pachipata cha malire apa."

Silvino anaona dengu la Aurora. Anaona mmene adzalowere pakhomo, mmene mkaziyo adzamuyang'anire osafunsa kanthu, n'kutenga nkhata yake. Anagwira chiwongolero mwamphamvu, komabe manja sanamvere.

Pamenepo wina anagogoda chitseko ndi mtengo. Anali mayi wojintcha, wa mpango wachikasu, atatsamira ndodo ya m'khwapa. Chitenje chake chinkalendewera mbali imodzi, pamene panayenera kukhala mwendo.

"Muli tani, a Mamudo? Mbatata zathu zimere mizu m'matumba? Kapena motolisita watsopanoyu akufuna timuyalire mphasa?"

"Mayi Teresinha," anayankha a Mamudo, "munthuyu ndi wa m'koluna. Akuopa dothi."

Silvino anayembekeza kusekedwa. Mayi Teresinha sanaseke. Anazungulira kutsogolo kwa kamyawu, ndodo ikugogoda paphula, n'kudzaima pawindo lake.

"Achimwene, mukuyang'ana mwendowu? Uyang'aneni, sindilipiritsa. Ndinausiya kudimba kutsidya kwa mtsinje uko, nditangobwerako ku Malawi. Mtendere utabwera kale."

Silvino anayang'ana bwalo lija. "Ndiye mukuona, mayi. Akadalipo."

"Alipo, wakana ndani? Koma pano ayi. Pano timapondapo tsiku ndi tsiku, ife ndi ana athu ndi mbuzi zomwe."

"Munthu ndi wopepuka, mayi. Alipo ena amene munthu angavinepo osaphulika. Amadikira cholemera."

 Zimenezi mayi Teresinha anali asanazimvepo, ndipo Silvino anaona nkhope yawo ikusintha, maso akuthamangira kubwalo kumene anzawo anakhala. Anadzida. Mantha ake anali atawapatsira munthu amene anali atalipira kale.

Koma mayiwo anapukusa mutu ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Chabwino. Ine ndimakhala pathumba langa apo, kuyenda sindiyendayenda, ndiye maso ndi amene amandigwirira ntchito. Mnzanu uja amene ankayendetsa galimotoyi ankalowera pakati pa chitsa icho ndi mwala uwo, n'kukaima pa mango wachiwiri. Tayala la kumanja linkadutsa pamene ndikuyenda inepa. Munkatsata mnzanu m'koluna, si choncho? Nditsateni."

"Mayi, chokani kutsogolo. Zikachitika..."

"Zikachitika tipitira limodzi. Mbatata zangazi zikaola, ana anga adya chiyani? Inu muli ndi mantha anu, ine ndili ndi anga."

Anatembenuka n'kutsika paphula. Pa dothi losesedwa lija panayamba kuoneka njira: phazi limodzi, kadzenje ka ndodo, phazi limodzi, kadzenje ka ndodo. Sanacheuke. Amayi a pabwalo anasiya kulankhula.

A Mamudo anagwira chotsegulira chitseko. Silvino anaganiza kuti atsika, ndipo sakanawaimba mlandu. Koma anachotsa dzanja, nakonza kofia, n'kunong'ona kapemphero kawo.

"Tiyeni, a Silvino."

Analowetsa giya yoyamba. Mwendo wa kumanzere unkagwedezeka moti kamyawu inadumpha kawiri. Anapinda chiwongolero. Mphuno ya galimoto inaloza pakati pa chitsa ndi mwala, ndipo m'mphepete mwa phula munayandikira, kenaka n'kubisika pansi pa boneti. Anatulutsa mutu pawindo, maso ali pa mapazi aja. Tayala linatsika ndi kaphokoso kofewa. Silvino anamva fungo la mphira wopsa limene kunalibe, anamva dzina la Zacarias likukwera kukhosi, ndipo anadikira kuwala kwa bomba.

Dothi linangolira tsekeretsekere pansi pa tayala.

Phazi, kadzenje. Phazi, kadzenje. Tayala linkadya mapazi a mayi Teresinha limodzilimodzi, ndipo mpango wachikasu unkapitabe patsogolo, ukutsika ndi kukwera. Matayala a m'mbuyo, olemera aja, anatsikanso. Mtunda umene mwana angauthamange osapuma, Silvino anauyenda ngati ulendo wa ku Beira. Pa mango wachiwiri mayiwo anaima n'kukweza ndodo.

Silvino anazimitsa injini. Kunali zii, kenaka mbuzi inalira, ndipo amayi anayamba kukokera matumba uku akukangana za amene ayambe. Silvino anatsika nakhala pansi atatsamira tayala. Mayi Teresinha anadzakhala pathumba pafupi naye. 

"Mwandiwopseza, achimwene," anatero. "Bwalo langa lomwe."

"Pepani, mayi. Koma ndipemphe chimodzi. Mawa musasese."

"Iii! Tikhale pauve chifukwa cha inu?" Anaseka, kenaka anayang'ana mikwasa iwiri ija. "Tizisesa m'mbali."

A Mamudo anabwera akupukuta thukuta m'khosi.  Anangoponya kiyi pamiyendo pake.

"Kiyi ameneyu musamamuiwale m'galimoto, ndi wanu. Mkuja tikupita ku Nkondezi kukatenga chimanga. Kumeneko phula kulibe n'komwe."

Mtima wa Silvino unagwanso. Ku Nkondezi kunalibe mayi Teresinha. Anatola kiyi uja, wozizira, n'kumufumbata mpaka mano ake kumulowa m'chikhatho. Anaganiza za Aurora atagona mpaka dzuwa kutuluka, dengu lili pakhoma.

"Ndamva, patarawu."

Akukweza matumba, lole ina yoyera inatulukira kuchokera ku Zóbuè. Inachepetsa liwiro, n'kuima pakati pa msewu, matayala onse ali paphula. Woyendetsa wake anali bambo wa imvi, mapewa ali m'makutu, manja onse awiri atakanirira chiwongolero. Silvino sankamudziwa dzina, koma kakhalidwe kameneko anakazindikira. Bamboyo anayang'ana bwalo nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa mutu pawindo, napinda pang'onopang'ono, n'kuika tayala lake ndendende mmene munadutsa la Silvino.